Makina Anga Anapita ndi Ngongole za Eni

Makina osokera aja anali anga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ku Lirangwe anthu anazolowera kuwatchula kuti makina a kukantini, ena n'kumati makina a malemu, ngati kuti amuna anga anadziwapo kulowetsa ulusi m'singano. Anandibweretsera ndi achimwene anga kuchokera ku Halale, ndidakali mtsikana kwathu ku Chileka. Anali a tebulo, opalasa ndi miyendo. Achimwenewo anawatula m'nyumba mwa mayi, anakhala nafe mwezi umodzi, n'kubwerera. Anatchona konko, sitinawaonenso. Mayi atamwalira ndinatsala ndi makinawo ndi amalume amodzi okalamba, amene makutu anali atayamba kuwakana.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Ine zinatembenuka. Amuna anga ankanyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka, ndipo atasunga kandalama anati akufuna kukatsegula kantini kwawo ku Lirangwe, pafupi ndi msewu. Anapempha chitengwa, amalume anavomera, mwina osamva n'komwe zomwe ankavomerazo. Tinakweza makina pa ngolo, ine pambali nditagwira tebulo lake kuti lisagwe, mpaka ku Lirangwe. Munali m'zaka za chitaganya zija, anthu akudandaula za msonkho ndi za mizere ya m'munda yomwe alangizi ankatikakamiza kupanga. Ine za mizere sizinkandikhudza kwenikweni. Munda kumeneko ndinalibe, ndinali mlendo.

Kantini yathu inali kachipinda kamodzi ka njerwa zosaotcha. Tinkagulitsa mchere, sopo, shuga, machesi, palafini, makasu, ndi nsalu zingapo. Katunduyo amuna anga ankakapikula kwa mmwenye wa sitolo yaikulu pa Lirangwe pomwepo, wina ku Blantyre pa njinga. Ine ndinkakhala pakhonde ndi makina anga, mwana wathu wamkazi akusewera ndi tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo. Madiresi, akabudula a ana asukulu, zigamba za m'mawondo, zonsezo zinkadutsa m'manja mwanga. Ndalama ya ndiwo pakhomo pathu inkachokera pa khonde lija, osati m'kantini. Ndikunena izi mosabisa, poti mwini wake nayenso ankadziwa.

Amuna anga anali munthu wabwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene unkandipsetsa mtima. Mawu oti ayi analibe m'kamwa. Kantini inali pakati pa abale awo, ndiye aliyense wolowa anali mlongo, msuweni, mphwake wa uje. Munthu ankalowa, kupereka moni wautali, kufunsa za mwana, kufunsa za chifuwa cha dzana, kenako n'kuti, "Achimwene, mundipatseko sopo, ndidzakuonani pokolola." Sopo n'kutuluka.

Amene ankatenga kwambiri anali awiri. Woyamba anali amalume awo a amuna anga, mwinimbumba wa banja lonse, munthu wa jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iwo sankapempha n'komwe. Ankaloza ndi ndodo, katundu n'kuwatsatira kunyumba. Wachiwiri anali alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga. Amenewa ankandikonda, kapena ndinene kuti ndinkayesa kuti amandikonda. Ndi iwo amene anandionetsa chitsime nditangofika, anandichiritsa nditabereka, ankandiluka tsitsi Loweruka. Pa mudzi wonse uja, munthu amene ndinkaseka naye mpaka misozi anali iwo okha.

Tsiku lina nditaona mashelefu akuyera ndinafunsa. "Bambo, shuga uja anatenga amalume anu, alipira liti?"

"Amake mwana, kupatsa n'kuika."

"Mukuika kuti? Mundionetse poikapo ndikatapeko, mchere watha m'nyumba."

Anaseka. Ndinati nanga bwanji osamalemba mayina, kuti mwina anthu achite manyazi. Apo ndiye nkhope inasintha. Anati mbale wako sumulemba, olemba anthu ndi a msonkho. Zonse anati zili m'mutu mwawo. Zinalidi m'mutu mwawo, sankaiwala ngakhale kobiri, ndipo zinalinso m'mutu mwanga, chifukwa khonde lili pakhomo ndipo wotuluka aliyense ankadutsa pamaso panga. Koma mutu suitanitsa ngongole. Pamafunika pakamwa, ndipo pakamwa pawo panali pa moni basi.

Chaka china mvula inadula msanga, chimanga chinapserera. Okolola aja sanakolole, ndiye sanationenso. Pofika mwezi wa Khirisimasi m'kantini munatsala machesi, makasu atatu ndi fungo la palafini. Amuna anga anati akapeza katundu wa Khirisimasi adzuka, poti nthawi imeneyo amuna a ku Joni ndi a ku Halale amatumiza ndalama kwawo. Anapita kwa mmwenye uja kukapempha katundu wa ngongole. Mmwenyeyo anati sakukana, koma akufuna chikole, chinthu choti agwirizire mpaka ngongole itatha. Ankati masiku amenewo munthu wa sitolo akakongoza munthu wakuda katundu wambiri, kukhoti sankamuthandiza kuitanitsa, choncho popanda chikole sakanapereka. Njinga anaikana, inali yotha. Anati makina.

Amuna anga anazungulira nkhaniyi masiku angapo asanaitule. Ataitula ndinakana. Ndinalalata mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinati makinawa si a mbumba yanu, sanabwere ndi chitengwa, ndi a kwathu. Iwo anangokhala pa mpando atazolika, n'kunena motsitsa kuti ndi mpaka pokolola pokha, anthu akagulitsa mbewu adzalipira, makina adzabwerera pakhonde. Ndinawayang'ana, munthu wamkulu akupempha ngati mwana, mtima unagwa. Ndinapukuta makina anga, ndinawathira mafuta, anyamata awiri a kusitolo anabwera kudzawanyamula. Pangano linali lomveka: ngongole ikapanda kutha pofika nthawi yogulitsa mbewu, makina ndi a mmwenye.

Katundu anabwera, Khirisimasi inadutsa. Wina anagulidwa ndi ndalama, sindinama. Koma wambiri anatuluka mwa njira yakale ija, chifukwa inali miyezi ya njala ndipo anthu ankabwera ndi nkhope zoti sungazibweze. Ine pakhonde ndinkangokhala manja ali pamiyendo. Azimayi obwera ndi nsalu ndinkawabweza, ena ndinkawasokera zigamba pamanja. Miyendo yanga inkapalasa yokha pansi ndikaiwala.

Mwezi wa February amuna anga ananyowa ndi mvula pochokera ku Blantyre pa njinga. Anafika akunjenjemera, anagona, chibayo chinawagwira. Sabata sinathe.

Amene sanakhalepo pa maliro a kumudzi mwina sadziwa mwambo uwu, ndiye ndiufotokoze. Bokosi likatulutsidwa pabwalo, asananyamuke kupita kumanda, woyankhulira banja amaimirira n'kufunsa mafunso awiri. Loyamba, ngati alipo amene malemu anamukongola, anene. Lachiwiri, ngati alipo amene anakongola kwa malemu, anenenso. Zimanenedwa pamaso pa anthu onse, mwini wake adakali pamtunda, kuti apite wopepuka ndipo otsala asadzakangane. Zomwe zanenedwa pamenepo banja limazitenga kukhala zoona. Zomwe sizinanenedwe zimalowa m'manda limodzi ndi bokosi. Ukadzazidzutsa pambuyo pake, anthu amakufunsa kuti unali kuti tsiku lija.

Ndipo namfedwa sayankhula. Mkazi wa malemu amakhala pa mphasa atafunda nsalu kumutu, azimayi atamugwira uku ndi uku. Ntchito yake ndi kulira. Mkazi woti atsegule pakamwa kunena za ndalama mwamuna wake ali m'bokosi, mawa lake mudzi wonse udzati ndi yemweyo wamupha.

Ine ndinkalira, inde, koma mutu unkagwira ntchito. M'mawa wa tsiku loika, tili m'nyumba ya siwa, ndinakoka alamu anga n'kuwanong'oneza. Ndinawatchulira anthu khomo ndi khomo, ndi zomwe aliyense anatenga. Iwo okha sindinawatchule, ndinati amenewa adziwa okha. Ndinawapempha kuti akauze amalume awo, kuti funso lachiwiri likafunsidwa anthu n'kuchita manyazi, amalumewo awakumbutse mwaulemu, monga amachitira akuluakulu. Ndinati, "Alamu, mukudziwa kuti makina anga ali kusitolo." Anandisisita pamsana n'kuti, "Musadandaule, mayi, zisiyeni m'manja mwanga." Anatuluka, anakhalako pang'ono, anabwera n'kuti anena. Amalume anga a ku Chileka analipo, anafika usiku wake atatopa, koma kuwanong'oneza iwo kunali kosatheka. Kuti amve pankafunika kukuwa.

Pabwalo anaimirira amalume awo a malemu, jekete ili pathupi, ndodo m'manja. Anafunsa funso loyamba, n'kudikira bwinobwino. Anaimirira kapitawo wa kusitolo, wotumidwa ndi mmwenye, nanena za katundu wa Khirisimasi ndi za chikole. Anaimirira kalipentala amene anakhoma mashelefu. Anaimirira bambo wina wa ku Lunzu amene anagulitsa njinga ija, kuti inali isanathe kulipiridwa. Anthu ankang'ung'udza movomereza, amalume akugwedeza mutu kuti banja lamva.

Kenako funso lachiwiri. "Nanga alipo amene anakongola kwa malemuwa?"

Ndinakweza nsalu pang'ono kuti ndione. Onse amene anali ndi ngongole yathu analipo. Mayi wa palafini anali apo, bambo wa makasu awiri anatsamira mtengo wa mango, aphunzitsi a nsalu ya suti anali kutsogolo ndi buku la nyimbo. Maso onse anali pansi. Ndinayembekeza kuti amalume atsokomola, atchula kuti abale, tisamulemetse mnzathuyu. Ndinayembekeza kuti mwina ayamba ndi iwo eni, poti ngongole yawo inaposa ya wina aliyense. Sanadikire n'komwe kuti munthu apume kawiri.

"Palibe. Zikomo. Adzukulu, tithandizeni."

Ndinafuna kudzuka. Dzanja la alamu anga linali paphewa panga, ndipo linalemera. Anandikokera pachifuwa pawo n'kuyamba kulira mokweza, azimayi ena n'kulandira, akwaya n'kuyamba nyimbo. Amene ankationa ankati taonani chikondi cha pachilamu. Bokosi linanyamuka. Sindikudziwa mpaka lero ngati alamu anga anakanenadi kwa amalume kapena anangozungulira kuseri kwa nyumba n'kubwerera. Ndaganizapo zaka zambiri, ndipo ndinapeza kuti zonse ziwiri n'zimodzi.

Patapita masiku ochepa banja linakhala pansi kugawa zotsala kuti omwe anaimirira aja alipidwe. Njinga inabwerera ku Lunzu. Kalipentala anazula mashelefu ake n'kutenganso sikelo. Machesi ndi tizinthu tina anagawana okhaokha, ati chikumbutso. Kantini inatsekedwa ndi waya. Nditafunsa za ngongole ya kusitolo, amalume anati imeneyo ili ndi chikole kale, banja lisavutike nayo.

"Koma makinawo ndi anga, amalume. Ngongoleyo ndi ya mphwanu."

"Anakulandani, mayi?"

"Ayi."

"Munapereka nokha?"

"Ndinapereka ndekha."

Anatambasula manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Amalume anga a ku Chileka, amene anali nkhoswe yanga, anamwetulira n'kuthokoza banja chifukwa chosunga bwino mwana wawo. Sanamve kalikonse. Mawa lake anabwerera kwawo.

Titameta, ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ndinkadziwa kuti mwambo wanditsekera, koma kukolola kunali kudakali kutsogolo ndipo ndinati mwina munthu payekha, popanda maso a gulu, akhoza kukumbuka. Ndinkavala nsalu yanga yakuda, mwana kumbuyo, n'kuodira. Ankandilandira bwino, mphasa n'kuyala. Ndikatchula nkhani, mayankho ankabwera okonzeka kale. Wina ankati anamaliza kulipira sabata yomwe malemu anadwala, ine ndili kuchitsime. Wina ankati malemu anamuuza kuti asavutike, inali mphatso. Aphunzitsi aja anandiyankha mwachifatse, ngati akuphunzitsa mwana wosamva, kuti nkhani zotere zili ndi nthawi yake ndipo nthawiyo inaperekedwa pabwalo, nanga bwanji sizinanenedwe? Suti ya nsalu yathu anali ataivala pomwepo.

Kwa alamu anga sindinapite. Ndinkati abwera okha. Ankabweradi masiku oyamba, ndi kambale ka ndiwo, n'kumacheza za mvula ndi za matenda a ana. Za makina ayi. Kenako anayamba kutuma mwana ndi kambaleko. Kenako kambale kanasiya.

Palibe ananditukwana ku Lirangwe, ndisawanamizire. Chomwe anachita n'kundisiya. Munthu amene ali ndi ngongole yako safuna kuona nkhope yako, ndipo ine ndinali ndi mudzi wathunthu wa anthu otere. Ndikamapita kuchitsime, azimayi ankandionera patali n'kufulumira kusenza. Ndikafika ndinkapeza matope ndi mapazi awo. Kutchalitchi benchi yomwe ndakhala inkachedwa kudzaza. Njira yodutsa pakhomo panga inayamba kumera udzu, anthu atatsegula ina kuseri kwa nkhokwe za eni. Mwana wanga ankaima pampanda kuitana anzake, anzakewo n'kumayang'ana kwa amayi awo. Panali masiku oti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa sindinayankhule ndi munthu wamkulu aliyense. Ndinasungulumwa koopsa. Amuna anga ndinkawasowa, komanso ndinkawakwiyira, ndipo panalibe woti ndimuuze chilichonse mwa ziwirizi.

Ndikapita kumsika ndinkadutsa dala pa sitolo ya mmwenye. Makina anga anali mkati, pakona, pakati pa matumba a mchere ndi mabulangete, atafunditsidwa chiguduli. Ndinkagula singano imodzi kuti ndipeze chifukwa cholowera. Mwini sitolo ankandiona, n'kundipatsa moni m'Chinyanja chake chopindika. Tsiku lina anandiuza kuti makinawo sanawagwiritse munthu, ali momwe ndinawasiyira, ndipo adikira monga tinapanganirana.

Munthu mmodzi yekha analipira. Anali mayi wina wa kutsidya kwa njanji, wotcheza kachasu, amene azimayi a mvano sankamupatsa moni. Anafika masana dzuwa lili pamutu, anakhala pansi osadikira mphasa, n'kumasula mfundo ya pansalu yake. Anatulutsa masheleni angapo, n'kuikanso kalichero ka nandolo.

"Ndi za shuga, mayi. Zatsalako pang'ono, ndidzabweretsa."

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanaimirire tsiku lija.

"Ine ndiimirire pamaso pa abusa? Akanandifunsa kuti shuga wochuluka chotero ndinkamwera tiyi wanji." Anaseka, ine ndinasekanso, koyamba chimwalirire amuna anga. Kenako anati, "Komanso ndinayang'ana akuluakulu aja. Ndinati akayamba iwo, ine nditsatira."

Anakhala nane mpaka dzuwa kupendeka, tikusola nandolo uja. Zotsalazo anabweretsadi patapita milungu iwiri.

Ndinayesetsa, abale. Ndinagulitsa nkhuku zanga zonse, ndinagulitsa nsapato ndi jekete la malemu, ndinakapalira m'minda ya anthu omwewo amene anali ndi ngongole yathu, iwo n'kumandilipira ganyu ndi chinangwa. Ndinkasoka zigamba pamanja mpaka zala kutupa. Chaka chimenecho mbewu zinachita bwino. Ndinaona ngolo za chimanga ndi mtedza zikupita kumsika, ndinaona madiresi atsopano Lamulungu, ndinamva kuti amalume agula wailesi. Pakhomo panga sipanafike munthu.

Nthawi yogulitsa mbewu itatha, ndinamanga ndalama zonse zomwe ndinapeza pa kansalu n'kupita kusitolo. Mmwenye anaziyala pa kauntala n'kuziwerenga. Sizinafike ngakhale theka. Anati awonjezera mwezi umodzi. Mweziwo unatha, ndinabweranso ndi zomwezo, kuwonjezapo pang'ono. Ulendo uno anandiuza kuti nayenso katundu amatenga pa ngongole ku Limbe, ndipo eni ake amufinya. Anakankhira ndalama zija kwa ine.

"Tengani, mayi, mukayambire kwanu. Makina ndatenga, ngongole yatha. Palibe adzakutsatani."

Munthuyo sanandibere, anachita zomwe tinapangana, anawonjezanso ndi mwezi. Ndikanakonda akanakhala woipa mtima, bwenzi nditapeza womutukwana. Ndinapita pakona paja, ndinachotsa chiguduli, ndinapukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yanga, n'kufunditsanso. Ndinatuluka.

Banja silinachedwe kundisudzula. Kunali koyenera, poti mkazi wa chitengwa mwamuna akamwalira amamasulidwa kuti abwerere kwawo, koma anafulumira nazo ngati akuzimitsa moto. Amalume awo a malemu anayankhula mawu okoma, kuti ndinali mkazi waulemu, wosadziwa kukangana ndi anthu. Anandipatsa nkhuku imodzi. Ndinamanga mtolo wanga, mapoto awiri, mphasa ndi zovala za mwana. Ulendo unali wokwera basi mpaka pa Lunzu, kuchokera apo wapansi mpaka ku Chileka.

M'mawa wonyamuka palibe anabwera kudzatiperekeza. Kwathu mlendo ngakhale wa tsiku limodzi amamutulutsa mpaka panjira, koma ine amene ndinakhala pamudzi paja zaka zonse zija ndinatseka chitseko ndekha, n'kusiya kiyi pa mwala. Ena anali kumunda, ena anali m'nyumba. Ndinasenza mtolo, nkhuku kukhwapa, mwana akutsatira.

Basi inkaima kutsogolo kwa masitolo. Tisanafike n'komwe ndinamva kulira kwa makina, ndipo ndinawadziwa. Anali atawatulutsa pakhonde la sitolo. Pampando panali telala wina wachilendo, bambo wa ku Zomba amene anali atangobwera kumene kudzachita lendi makinawo kwa mmwenye. Sankandidziwa. Patsogolo pake panaima mayi akudikira diresi, ndipo mayiyo anali alamu anga.

Pothawira panalibe, basi inali isanabwere. Ndinatula mtolo pansi pa khonde lomwelo. Alamu anga anandiona, anayang'ana mtolo, anayang'ana mwana.

"Ndi lero kodi, alamu?"

"Ndi lero."

"Ine ndimayesa mawa."

Telala anadula ulusi, anakung'untha diresi n'kulipinda. Inali nsalu ya maluwa obiriwira, ya mpukutu womaliza umene amuna anga anatenga pa Khirisimasi ija. Alamu anga analandira diresi n'kutsitsa mawu, koma khonde linali laling'ono.

"Abambo, ndidzakuonani kumapeto kwa mwezi."

Telala anagwira diresilo mbali inayo, osalisiya. Anayankhula moseka, mwaulemu ndithu.

"Pepani mayi, ngongole ine ayi. Simunamve za eni ake a makina ano? Akuti anali ndi kantini pompano, abale anaidya yonse pa ngongole, mwamuna n'kufa, mkazi n'kutsala manja lende. Ine ndabwera kudzasoka, sindinabwere kudzalira."

Anayang'ana kwa ine kuti ndimuvomereze, monga amachitira munthu akanena zanzeru pagulu. Ine ndinayang'ana kumsewu.

Alamu anga sanatsutse. Anapisa dzanja m'chiuno, anatulutsa kansalu komanga mfundo, n'kumasula ndi mano. Munali ndalama. Sizinali zochepa, munali ndi za pepala zopindidwa bwino. Anasankhapo masheleni a telala, anawaika pa tebulo la makina anga, n'kumanganso mfundo ija ine ndikuona. Telala anathokoza, anasesera ndalamazo m'kabati ka tebulo, n'kukoka nsalu ya munthu wina.

"Muyende bwino, alamu," anatero, maso ali pa diresi. "Mukapereke moni ku Chileka."

"Tsalani bwino," ndinayankha.

Mwana wanga anali atakwera kale pakhonde n'kukhala pansi pa tebulo, akutola tizidutswa ta nsalu. Telala anamuuza mokoma kuti achoke, angapondedwe ndi chopalasira. Mwanayo sanasunthe, anandiyang'ana ine kuti ndimuuze bamboyo. Basi inatulukira pa kona. Ndinawerama, ndinamukoka pa mkono, ndinamuuza kuti asiye tizidutswato poti n'ta eni.